Thobwa la Kopolo Kamtedza

Alefa Nangondo analota kuti kampu ya asilikali ija yamulembera kalata. Siinabwere ndi munthu ayi. Anaipeza m'mimba mwa ng'oma yaikulu ya gulu lake la chimtali, itapindidwa kanayi, ikununkha polishi wa jombo. Mawu ake anali ochepa: "Mayi, gulu lanu livine pabwalo la perete mbendera isanafike kunsonga kwa mlongoti. Likapanda kuvina, malo ano abwerera kwa eni ake."

Eni akewo Alefa ankawadziwa bwino. Anakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi m'malaini a mabanja a asilikali, nyumba nambala naini, pamene anali mkazi wa Kopolo Kamtedza. Pano asilikaliwo anali atasamuka, ndipo kampuyo inali m'manja mwa osema, osoka, oimba ndi ovina. Pageti pamene pankaima munthu wamfuti anali atalembapo kuti Nyumba ya Luso.

Ananyamuka ndi amayi khumi ndi awiri a gulu lake. Dzuwa linali paliwombo ndipo silinkasuntha. M'dzanja lake munali chigubu cha thobwa. Sanakumbukire kuti wachitenga liti, koma anachizindikira: chachikasu, chotseka ndi chitsononkho chokulunga m'pulasitiki. Chinali chomwe chija ananyamula tsiku limene mwamuna wake anamwalira, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anachinunkhiza. Thobwalo linali lisanasase.

"Zolemerazo n'zayani, achemwali?" anafunsa Filesi, mnzake woyambitsa nyimbo, amenenso anakalambira m'malaini momwemo.

"N'za wodwala."

"Wodwala uti? Uja si tinamuika tonse?"

"Yemweyo."

Filesi anangoti, "Ohoo," n'kukonza nkhata pansi pa ng'oma imene anasenza.

Geti linawalonjera mwaulemu. "Takulandirani, amayi. Mwabwera pa nambala ya yani?"

"Tabwera pa mapazi," anatero Alefa.

"Mkazi amalowa muno pa nambala ya mwamuna wake. Ndi mmene ndinaphunzirira."

"Nambalayo anapita nayo kumanda. Ukaifuna, katenge khasu."

Getilo linaganiza pang'ono, dzimbiri likuyoyoka, kenako linatseguka theka. Analowa chammbali, mmodzimmodzi, ngati mbuzi zolowa m'khola.

Mbendera inali itangochoka pansi ndipo inkakwera yokha. Inalibe mtundu. Inali yotuwa ngati thumba la simenti, ndipo ikakwera pang'ono chinthu china m'kampumo chinkabwerera mwakale.

M'nyumba imene ankasungiramo mfuti munali wosema wina, atakhala pansi ndi kasemasema wake. Ankasema mayi wobereka mwana. Koma mtengo uliwonse umene wagwira unkayamba kutalika, kuwonda, n'kuboka kukamwa.

"Ndikufuna mayi, ikutuluka mfuti," anadandaula. "Iyi n'yachisanu chiyambire m'mawa. Inu simungandithandize?"

"Gwiritsani mtengowo, tikubwera," anatero Alefa.

M'mesi, mmene maofesala ankadyeramo, makina osokera ankasoka okha. Chitenje chamaluwa chikalowa pansi pa singano chinkatuluka kaki, ndi matumba anayi ndi mabatani ake omwe. Atelala anali ataima pakhomo, atagwira pakamwa. M'maselo otsekeramo olakwa, mmene tsopano ana asukulu ankawerengeramo, mabuku anali atatsika m'mashelefu n'kufola, aatali kumanja, aafupi kumanzere. Nsomba ndi njinga zimene atsikana anajambula pakhoma la khitchini zinkatsika mondondozana, n'kumalowa m'ngalande.

Ndiye anafika pamiyala. Inali yozungulira bwalo lonse, yoyera mbee, ngakhale panalibe amene anaipaka laimu chisamukire asilikali.

Bwalo la perete silipondedwa. Lamulo limeneli mkazi aliyense ankalimva tsiku loyamba, asanamasule n'komwe mfundo za katundu. Bwalo ndi la jombo, jombonso ikhale ili pa perete. Mkazi, mwana, mbuzi, wogulitsa masamba, onse azungulire. Malaini anali tsidya lino. Mpopi, chigayo ndi kachipatala zinali tsidya ilo, pamphuno pomwepa, moti munthu akayetsemula uko unkamva. Koma njira yake inkadzera kugalaja, kuseri kwa mesi, pansi pa mabulugamu, n'kukatulukira kuzimbudzi. Mkazi akaponda bwalo, mwamuna wake ankathamangitsidwa ndi thumba la mchenga kumsana dzuwa likuswa mtengo. Madzulo thumbalo ankakalitulira pa mkaziyo.

Amayi aja atafika pamiyalapo, mapazi awo anakhota okha kumanzere. Onse, ngakhale atsikana amene anabadwa kutali ndi kampu. Mapazi a Alefa nawonso anakhota. Anadzera kugalaja, kuseri kwa mesi, pansi pa mabulugamu, kuzimbudzi, ndipo anapezeka aima pamalo omwe aja anayambira.

"Ndaiwala poyambira nyimbo," anatero Filesi. "Inali pakamwa pompano."

Zikopa za ng'oma zinali zitakhwefuka. Mbendera inali itadutsa denga la mesi.

Anayesanso. Mapazi anakhotanso. Ulendo uno anadutsa panyumba nambala naini. Chitseko chinali chotsegula, ndipo m'katimo munkayenda mtsinje wodzaza, wamatope, utanyamula matiresi, wayilesi ndi mbaula ya Alefa, zosanjikizana monga anazisanjira palole tsiku lomutulutsa.

"Mayi Kamtedza," inatero nyumbayo, "masiku anu khumi ndi anayi oti musamuke aja anatha kalekale. Mwaiwala chiyani?"

"Ndikungodutsa. Usadzimve."

Atabwereranso pamiyala, atsikana aja anali ndi imvi, ndipo mmodzi ankawerenga mano ake m'dzanja. Mbendera inali pakati pa mlongoti.

Nkhani ya tsiku limene Kamtedza anamwalira aliyense wa m'gulumo ankaidziwa, poti Alefa ankaisimba pamaliro, pachigayo, paliponse pamene wina watchula msilikali. Kamtedza anagonekedwa m'kachipatala, malungo atamulowa m'mutu. Tsiku lachinayi anatsitsimuka n'kutuma mawu: ndikufuna thobwa la mkazi wanga, abwere nalo msanga. Alefa anathira m'chigubu n'kuthamanga. Atafika pamiyala ankaona zenera la mwamuna wake. Koma Sajeni Meja Likongwe, mwini bwalo, anali ataima pakatikati, ndipo anangokweza ndodo yake ija yapakhwapa. Alefa anazungulira. Pofika anapeza akumufunditsa kumaso. Wothandiza adokotala anati, "Mukanangofulumira pang'ono, mayi. Amakufunsani mpaka pomaliza."

Mapazi atayamba kukhota kachitatu, Alefa anatsitsa ng'oma ya Filesi n'kuikhalira.

"Ine ndiye basi. Wofuna kuzungulira azungulire."

"Mayi," inatero miyala, yonse pamodzi, ndi mawu ang'onoang'ono, "chala chanu chatsala pang'ono kutikhudza. Chonde."

Pakati pa bwalo panali pataima Sajeni Meja Likongwe. Anamwalira zaka khumi ndi zisanu zapitazo, koma yunifolomu yake inali yosita ndipo jombo zinkawala. Analibe chithunzithunzi. M'ndodo yake munkalowa ndi kutuluka chiswe. Kumbuyo kwake, tsidya ilo, pakhonde la kachipatala panali patakhala Kamtedza, atavala mkanjo wa odwala, bulangete lili paphewa, mapazi ali pamtunda.

"Mayi Kamtedza," anatero Sajeni Meja.

"Ndine Nangondo. Kamtedza ndi uyo wakhala apoyo."

"Mwakhala pamalo olakwika."

"Munandiikapo ndinu. Pomwe pano. Mwamuna wanga akundiitana, inu n'kukweza ndodo ngati mukuingitsa nkhuku. Ndakhala ndikukusungirani mawu amenewa zaka zonsezi. Munafa msanga ndisanakuuzeni."

Sajeni Meja anapisa m'thumba, natulutsa kabuku konyowa.

"Pepani, mayi. Tsiku limenelo linali Lachitatu, mwezi wa Febuluwale. Ine ndinali kwathu, ndinapita kukaika mayi anga. Ndinabwerako Loweruka, inu mutaika kale."

"Mukunama."

"Akufa sanama, mayi. Tipindulapo chiyani? Funsani miyala."

"Panalibe munthu," inatero miyala. "Kunkawaza mvula. Asilikali onse anali kutchire. Pamlongoti panali khwangwala mmodzi. Munafika mukuthamanga, munaima, munayang'ana uku ndi uku, kenako munakhota nokha."

"Ndi zoona," chinatero chigubu m'dzanja mwake. "Ine ndinalipo. Ndinakhuvuka njira yonse."

Alefa sanalire. Ali pang'omapo, khwangwala uja anamukumbukira, ndi mmene ankadzikunthira mvula m'mapiko. Anakumbukiranso pamene ndodo ija inalowera m'nkhani. Panali pasiwa, pamene alamu ake anamufunsa pamaso pa anthu kuti, "Nanga munachedwera chiyani, poti n'pafupi?" Pakamwa panatuluka ndodo. Anthu onse anagwedeza mitu, poti Likongwe ankamudziwa. Chiyambire pamenepo nayenso Alefa ankaiona ndodoyo bwinobwino, ndi kamkuwa kake kakumapeto.

"Achemwali," ananong'ona Filesi, "ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikutukwana munthu wosalakwa?"

"Wosalakwa ndani? Ndodo inalipo. Kungoti popita kwawo anaisiya m'miyendo mwangamu."

Alefa anaimirira.

"ANangondo!" anafuula Kamtedza ali pakhonde paja. "Mwatenga thobwa lija?"

"Ndatenga, bambo."

"Zungulirani msanga. Kukhosi kwauma gwa."

"Ndidutsa pomwepa."

"Iyayi! Mwapenga kodi? Mundichotsetsa mizere pamkonopa. Ndangotsala pang'ono kukhala sajeni."

"Mizere yanu tinakuikani nayo. Woyamba chinadya chiswe, wachiwiri nyerere."

"Osandichititsa manyazi pamaso pa abwana, aNangondo."

Mbendera inali itatsala mkono umodzi. Penapake lipenga linkatsokomola, kukonza kukhosi. Kugeti kunkamveka jombo zambiri zikubwera pamodzi, ndipo makoma onse anali atayamba kubiriwira kuchokera pansi.

Alefa anavula patapata. Anakweza phazi lamanja, koma litangoona laimu linapotoka lokha n'kutera kumanzere. Anayesa lamanzere, chimodzimodzi. Miyala inapuma mosangalala.

"Mwaona, mayi," anatero Sajeni Meja, osati mwachipongwe. "Sitiphunzitsa munthu kuti adzaiwale."

"Munaphunzitsa miyendo," anatero Alefa. "Chiuno ichi simunachilembe usilikali."

Anamasula mpango kumutu n'kuumanga m'chiuno, mfundo ili pambali. Chigubu anachiika pamutu. Ndiye anafulatira bwalo, kuti mapazi asaone kumene akupita.

"Filesi, nyimbo."

"Ndati ndaiwala poyambira."

"Yambira pakati. Amene anakuuza kuti nyimbo ili ndi geti ndani?"

Filesi anatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mawu amene sanawaimbepo:

"Madzi ali apo, ine ndadzera uko,
ndathera zidendene m'njira ya eni.
Lero ndidzera pakati, amayi,
wondiletsa abwere ndi nkhope yake."

Amayi anavomera ndi m'manja. Chiuno cha Alefa chinayamba chokha, monga chinkachitira kuyambira ali namwali, ndipo chinakoka miyendo chambuyo. Chidendene chinagunda mwala. Mwalawo unati, "Mayo!" n'kugubuduka. Kunsi kwake kunali kwakuda, kwandere, monga mwala wina uliwonse wa kudambo.

Phula linali lotentha ngati chiwaya. Alefa anapondabe.

"Ameneyu ndani?" linafunsa bwalo ndi mawu ochokera pansi penipeni. "Akundigirigisha. Chiyambire sindinamvepo khungu la munthu."

"Zolowera," anatero Alefa.

Amayi aja anafulatira nawonso n'kulowa, mmodzimmodzi, chiuno patsogolo pa nzeru. Oimba ng'oma anagoneka ng'oma zawo paphula lotenthalo, ndipo zikopa zinakungika ngati aziwamba pamoto. Itangolira yaikulu ija, imvi zinayoyoka m'mitu mwa atsikana, ndipo uja wamano anawabwezera m'kamwa n'kuyamba nthungululu.

"Imani!" anakuwa Sajeni Meja. Anaimba kherere wake. Koma kherereyo anagwera penipeni pamene ovina chimtali amatembenukira, moti onse khumi ndi atatu anatembenuka pamodzi. Anaimbanso mwaukali, iwo n'kutembenukanso. Kachitatu anapezeka kuti akuimba motsata ng'oma, ndipo anachotsa kherereyo pakamwa n'kumuyang'ana ngati wamuluma.

"Ndilemba lipoti," anatero.

"Lembani. Dzina ndi Alefa Nangondo. Nambala ndilibe."

Jombo za kugeti zija zinasokonekera, zina zikutsogola, zina zikutsalira, kenako zinamveka zikubwerera. Mbendera inaima itatsala chala chimodzi kuti ifike kunsonga. Inagwedezeka, n'kutsetsereka mpaka pansi. Filesi anaitola, anaikuntha fumbi, n'kuimanga m'chiuno pamwamba pa chitenje. M'ngalande munatuluka nsomba ikupalasa njinga, ikubwerera kukhoma. Ndipo kuchokera kunyumba ya mfuti kunamveka wosema uja akufuula, "Watuluka mayi! Ali ndi mwana yemwe!"

Alefa atafika pakati penipeni pa bwalo, anatembenuka n'kutsitsa chigubu. Kamtedza anali ataimirira kumapeto kwa khonde, zala zakumapazi zili pafupi ndi miyala ya tsidya ilo. Anali wamng'ono kuposa mmene ankamukumbukirira. Anali mnyamata wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa makutu oima, woti akanatha kukhala mwana wake.

"Ndafika pakati, bambo," anatero. "Theka lotsalalo ndi lanu."

Kamtedza anayang'ana chigubu, nameza malovu. Anayang'ana mapazi ake.

"Ndilibe jombo. Msilikali saponda bwalo opanda jombo."

"Ife tavula dala."

"Inu ndi anthu wamba, aNangondo. Simungamvetse."

"Thobwa lake ndi lamawere. Lija mumalikonda lija."

Kamtedza anayang'ananso chigubu. Kenako anawongola bulangete paphewa, anachitira sawatcha Sajeni Meja, n'kukhotera kumanzere. Anatenga njira yakuzimbudzi, kulowera kumabulugamu, akuyenda mofulumira ngati munthu amene akudziwa kumene akupita, bulangete likukwekwereza masamba ouma.

Njira yozungulira siifika pakati. Alefa ankadziwa, poti anaiyenda zaka khumi ndi chimodzi.

Anamuyang'ana mpaka anabisika kuseri kwa mesi. Ndiye anazula chitsononkho chija, anakhuvula chigubu, n'kumwa. Linali lozizira, lotsekemera bwino, shuga wake wokwanira. Anapatsira Filesi, Filesi n'kupatsira mnzake, mpaka bwalo lonse la amayi linamwa. Chitabwerera kwa iye munali mutatsala lokwana kapu imodzi. Anatsekanso mwamphamvu, n'kuchikhazika pakati pomwepo.

"Chimenecho sichingakhale pamenepo," anatero Sajeni Meja. Mawu ake anali atachepa, ndipo ndodo inali itatha mpaka pachigwiriro.

"Chikhala. N'cha wodwala. Akadzatopa adzadutsa."

Ng'oma zinakwera. Alefa anamva wina akumugwedeza paphewa, koma anati nyimbo ithe kaye, ndipo anavina mpaka pamene Filesi anaidula.

"Achemwali! Dzukani, tafika. Mwagona njira yonse ngati mwalipira bedi."

Anali m'minibasi imene gulu linakwera kupita kokayeserera gule wa tsiku lotsegulira Nyumba ya Luso. Kunja kunali geti lija, lopakidwa penti watsopano, lotsegula mbali zonse ziwiri, ndipo silinanene kanthu. Amayi anali atatsika kale ndi ng'oma pamitu. Alefa anawaona akufika pamiyala yoyera ija, akucheza, akuseka, ndipo popanda wowauza anakhotera kumanzere, kulowera kugalaja.

Anatsika. Anavula patapata n'kumupatsa Filesi kuti amugwirire.

"Inu amayi inu!" anafuula. "Mukupita kuti uko? Bwalo ndi ili."